Ndalama za Nkhondo M'chigafa

LOLEMBA, m'mawa

Ntchito yayamba lero. Ndikulemba kuti ndisaiwale, chifukwa mutu wangawu umasunga nkhawa zokha, zofunika umataya.

Nkhani ili chonchi. Loweruka lapitali pamsika wa Madisi ndinakumana ndi a Jere, mkulu wina wa ku Lilongwe woyenda ndi chikwama chachikopa. Amagula ndalama zakale zamapepala, zija ankasindikiza nthawi ya nkhondo kuti azilipira asilikali. Akuti kunja kuli anthu amene amazisonkhanitsa n'kumangozisunga. Osagulira kanthu ayi. Kungoziyang'ana basi! Anandionetsa imodzi ili m'kapulasitiki, ine n'kuizindikira pompo. Malemu abambo anali nazo zotero. Anabwera nazo kuchokera ku nkhondo ya ku Burma.

Mawu a a Jere ndawasunga bwinobwino: "Zoongoka, zoyera, zopanda makwinya. Zimenezo ndiye zili ndi mtengo." Abweranso Loweruka likudzali.

Manda a abambo mpaka lero ndi mulu wa dothi. Chiliza tinalonjeza kalekale, koma chaka chilichonse fodya amathera kufeteleza. Tsono maganizo anga ndi awa: ndalama zawo zomwe za kunkhondo zigule simenti ya chiliza chawo. Ndikaganiza zimenezi ndikumva kukoma mpaka m'mawondo.

Masana

Ndatsegula bokosi lawo lachitsulo. Muli:
jekete ya usilikali, njenjete zinadyako kale gawo lawo
lamba
kapu yachitsulo yophwanyika mbali imodzi
chitini cha tiyi

M'chitinimo ndiye muli zinthu! Zokulungidwa ngati mphasa, zomangidwa ndi luzi. Nthawi ya chipani chimodzi abambo ankabisa chitinichi kudenga, kuopa kuti anyamata a chipani anganene kuti akufuna azungu abwerere. Lero ndi matipate, munthu umatulutsa chimene uli nacho. Komabe chitseko ndatseka.

Zina zili ndi mkango utaima pa chisoti chachifumu. Zina zili ndi mitengo ndi tinyumba tosongoka ngati chulu, zimenezi abambo ankati ndi za Japani. Zokongola! Koma zauma gwa. Ndangokhudza pakona ya imodzi, kachidutswa kathothoka. Ndendende fodya woiwalidwa padzuwa.

Zondidetsa nkhawa lero:
mbewa
kodi boma latsopanoli limalola munthu kusunga ndalama za boma lina?
a Jere akadwala lisanafike Loweruka
Nachisale, mkazi wanga, pepala lililonse kwa iye ndi loyatsira moto

Madzulo

Ndalakwitsa chinthu chimodzi. Ndauza alongo anga aakulu, a Naphiri. Ndimafuna kungowanong'oneza pang'ono kuti mwina, kapena, zikayenda. Koma a Naphiri mawu oti "mwina" sawamva, khutu lawo linabadwa lotero.

"Achimwene, mwatichotsa manyazi!"

Dzuwa lisanalowe anyika kale chimanga cha chimera. Atumiza kale uthenga kwa abale a ku Dowa kuti chiliza chimangidwa Loweruka la sabata yamawa. Chimera ukanyika sungachiuze kuti dikira.

Komabe ndadya bwino. Nkhwani wotendera.

LACHIWIRI

Za m'chitini zokha sizingakwane chiliza chooneka. Ndiye lero ndi tsiku losonkhanitsa. M'mapiri muno munali asilikali ambiri a nkhondo ija, ndipo makomo awo ndikuwadziwa. Njinga ndapopa, mbatata yootcha ili m'thumba. Kukuzizira koma kumwamba kuli mbee. Njira yopita chakumtunda kwa Ntchisi njinga imakwera pa ine, potsika ndiye ine ndimakwera pa iyo.

Khomo loyamba: zinalipo, koma anaziika m'bokosi la mwini wake tsiku la maliro. Ndapepesa n'kuchoka.

Khomo lachiwiri: ana ankasewerera za sitolo. Zinatha kale.

Khomo lachitatu: akuganiza kuti ndatumidwa kudzalemba maina a asilikali akale oti alandire chipukutamisozi. Andipatsa mpando wabwino, anthu ayamba kusonkhana, wina wathamangira kukavala jekete. Kufotokoza kwanditengera nthawi yaitali. Mpando uja anditengera ndisanamalize.

Kenako kwa a Nangozo, mayi wamasiye wa kuseri kwa dambo. Zilipo! Zambirinso! Koma anazimata kukhoma la pabalaza ndi phala la chinangwa, pakati pa makalendala akale, kuti nyumba izioneka bwino. Atamva za chiliza sanavute.

"Matulani mwanawe, koma musandigumulire khoma. Mwini wake ankati n'zopanda ntchito, ine ndinazipezera ntchito."

Ndamatula ndi kansalu konyowa ndi mpeni, pang'onopang'ono, ndikupuma ngati ndikuchotsa munga m'diso. Zachoka zamphumphu. Kumbuyo kwake kuli phala louma ndi tidothi, koma kutsogolo n'zowala kuposa za abambo.

Pomaliza kwa a Kopolo. Dzina lawo lenileni anthu anaiwala, aliyense amangoti a Kopolo. Anali gulu limodzi ndi abambo. Ndawapeza ali pakhonde akuothera dzuwa, akusuta chingambwe. Ndapereka moni, ndakhala pansi, ndayang'ana ndudu ija.

Mayo ine!

Pepala la nduduyo lili ndi mtengo ndi kanyumba kosongoka. Ndaona ndi maso angawa kanyumbako kakupsa mpaka kufika pamilomo yawo.

"Za Japanizi ndiye zimayaka bwino, phulusa loyera. Za mkango zimakanda pakhosi, n'chifukwa chake zatsala."

Akuti anabwera ndi mtolo waukulu ngati pilo. Akhala akupichirira fodya kuyambira pamene mapepala anavuta m'sitolo. Ndawauza kuti kunja kuli anthu ozifuna. Akuti anthu amenewo akadabwera kale akadasuta nawo.

Nditatchula za chiliza azimitsa ndudu ija. Kenako alowa m'nyumba, atuluka ndi zotsala zonse.

"Bambo wako ankaopa misundu kuposa zipolopolo. Ukamange chachitali, iye anali wamfupi."

Chimene apempha ndi chimodzi: ndiwapezere chopichirira china. Ndatsikira ku golosale, ndapempha nyuzipepala zakale, masiku ano zachuluka. Ang'amba kachidutswa, apichira, akoka.

"Zamatipatezi ndi bodza lokhalokha, koma zimayaka."

Ndabwerera kunyumba mapepala ali pachifuwa, m'kati mwa malaya. Njira yonse ndimaganiza za achifwamba. Ndakumana ndi ng'ombe zokha.

Tsiku labwino kwambiri. Miyendo ikuwawa mokoma.

LACHITATU, m'mawa

Zonse ndaziyala pamphasa. Vuto ndi lija: makwinya. Za abambo zikungodzikulunga zokha, ukazitambasula zikufuna kuthyoka. Za a Kopolo zapindikapindika ngati anazigonera.

Nachisale akuti: "Bwanji tingozisita? Simbi ilipo, makala alipo."

Simbi! Papepala louma chonchi! Ndamuuza kuti asabwerezenso. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma tsamba louma ndimalidziwa. Fodya wouma sumuongola ali wouma, amafumbutuka. Umayamba wamufewetsa ndi chinyezi, kenako umasankha, kenako umadinda mu jeke wofinyira mabelo. Akatuluka m'menemo amakhala woongoka ngati buku la kutchalitchi. Pepala ndi tsamba n'chimodzimodzi, zonse n'zochokera kumtengo.

Mwayi wake, chifunga chikutsika m'phiri m'mawa uliwonse nyengo ino, ndipo chigafa chili chopanda kanthu chifukwa fodya anapita kale. Mulungu amakonza zinthu.

Dongosolo:
lero ndi usiku uno, kufewetsa m'chigafa
mawa, kusankha ndi kudinda
Lachisanu, kutulutsa ndi kupumitsa
Loweruka, Madisi
kenako simenti!

Masana

Ndaziyala pathandala m'chigafa. Ndangopita kukamwa madzi. Kamphepo kabwera.

Zathawa! Zina m'munda wa mbatata, zina pampanda, imodzi padenga la khola. Ndathamanga ngati munthu wothamangitsa nkhuku za eni ake. Nachisale wathandiza, akuseka. Zambiri tazipeza. Koma imodzi ya mkango ndaipeza ili m'kamwa mwa mbuzi yathu yaikazi. Ndagwira mbali imodzi, iyo yagwira mbali ina. Tayang'anizana. Yapambana ndi iyo.

Ndakhala pansi pang'ono.

Kodi mbuzi ingafe ndi inki ya nthawi ya nkhondo? Ndaiyang'anira masana onse. Ikudya msipu ngati palibe chimene yachita.

Madzulo

Ndapeza nzeru, ndipo ndikudabwa kuti sindinaiganize poyamba. Fodya sauluka m'chigafa chifukwa timamusoka. Ndatenga singano yaing'ono ya Nachisale, osati ija yaikulu ya fodya, ndi ulusi. Iliyonse ndaboola kabowo kamodzi pakona, kakang'ono zedi, ndazitunga n'kuzipachika pa mikangala monga timachitira ndi masamba. Zikulendewera mwadongosolo, mikango mbali iyi, mitengo mbali iyo. Mphepo ibwere tsopano tione.

A Jere anatchula makwinya ndi litsiro. Za mabowo sananenepo kanthu. Ndakumbukira mawu awo onse mobwerezabwereza, mabowo mulibemo.

Chigafa sichinakongolepo chonchi. Ndaima pakhomo pake nthawi yaitali ndikungoyang'ana. Mwina anthu akunja aja ndikuwamvetsa tsopano.

Mbuzi ndaimangirira kutali.

LACHINAYI

Chifunga chatsika chambiri, phiri silikuoneka n'komwe. Ndalowa m'chigafa ndikunjenjemera ndi kuzizira. Ndakhudza imodzi.

Zafewa! Zofewa ngati khutu la thole! Ukaipinda ikubwerera yokha. Ndaitana Nachisale kuti adzakhudze. Wakhudza, wavomera kuti simbi sikanatha zimenezi. Sizichitika kawirikawiri kuti iye avomere, ndiye ndalemba.

Kusankha. Ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse. Ndakhala pamphasa, kuwala kukuchokera kumanzere monga kumafunikira. Magiredi:
za mkango zowala
za mkango zofiirira
za mitengo zazikulu
za mitengo zazing'ono
zong'ambika, zoti a Jere aone okha

Za abambo, za a Kopolo ndi za a Nangozo zasakanikirana, chifukwa fodya sasankhidwa poona munda umene wachokera. Umaona mtundu ndi kukula basi. Ndazisanja imodzi pamwamba pa inzake, makona akugwirizana bwinobwino, mulu umodzi wokongola.

Nachisale wafunsa: "Nanga phala lija la kumbuyo kwa za a Nangozo mwatsuka?"

Ndamuuza kuti phala limenelo linauma iye asanakwatiwe. Tidothi ndiye ndapukuta ndi nthenga ya nkhuku.

Masana

Jeke wodindira mabelo ali kwa alamu anga, amuna awo a a Naphiri. Ndapita nthawi imene ndikudziwa kuti a Naphiri ali kudimba. Muluwo ndauika pakati pa timatabwa tiwiri ta m'jekemo, timene takhala tikudinda fodya zaka zambiri.

Alamu ayang'ana, avula chipewa, akanda mutu.

"Alamu, belo laling'ono chonchi sindinalionepo. Ku okushoni akalilandira?"

Ndawauza kuti afinye pang'ono chabe.

"Jeke wangayu pang'ono sadziwa."

Apukusa. Chitsulo chatsika. Matabwa alira. Ndati basi, iwo awonjezera kamodzi, akuti ka mwayi. M'mphepete mwatuluka timadzi pang'ono, koma ndi mmene fodya amachitiranso akafewa bwino. Tagwirizana kuti zigone momwemo.

Zondidetsa nkhawa lero ndi zochepa modabwitsa:
moto kwa alamu
alamu akauza anthu kumowa
chilizacho chikhale chamtundu wanji, chamakwerero kapena chongoyala?

Pobwerera ndadutsa kumanda. Ndangoima panjira, sindinalowe. Mulu wa abambo ukuoneka kuchokera pamenepo, udzu wamera pamwamba. Ndanena chamumtima kuti dikirani pang'ono, sabata yamawa mugona ngati bwana.

Nachisale waphika nyemba. Mbuzi ili moyo.

LACHISANU, m'mawa

Ndadzuka ndikuimba nyimbo ya kwaya. Ndapita kwa alamu. Amasula jeke. Tachotsa thabwa la pamwamba.

Zaongoka. Zimenezo ndiye sindingakane. Makwinya palibe ndi limodzi lomwe.

Ndati nditenge ya pamwamba. Zanyamuka zonse.

Zonse pamodzi! Chinthu chimodzi! Cholimba ngati sopo wa mtanda! Chifunga chimene chinafewetsa mapepala chinadzutsanso phala la a Nangozo, jeke n'kumaliza ntchito. Pamwamba ndi pansi padindika mtundu wa fodya wa m'matabwa aja, mkango wa pamwamba wasanduka wofiirira ngati wagwera m'tiyi. Fungo ndi la belo lenileni.

Alamu agogoda ndi chala. Chikulira ngati thabwa.

"Koma ndiye tadinda bwino."

Ndawapempha kuti asauze akazi awo. Akuti iwo nkhani zoti akazi awo angakalipe sayambitsa, ngakhale zitakhala za munthu wina.

Masana

Zimene tayesa ine ndi Nachisale:
mpeni: ukudula m'malo molekanitsa
lezala: chimodzimodzi, ndiponso chala changa
nthunzi ya madzi otentha: makona afewa, inki yayamba kuyenda, mitengo ya Japani yasanduka dambo lobiriwira, tasiya msanga
dzuwa: chalimba kuposa kale
kuchipempherera: Nachisale ndiye wayambitsa

Zimene zachoka ndi zochepa za m'mphepete, ndipo iliyonse yachoka ndi nkhope ya inzake kumbuyo. Imodzi ili ndi mkango wokhala pamwamba pa kanyumba ka Japani. Abambo akanakonda imeneyi.

Nachisale sananene kuti "ndinakuuzani". Wangoyang'ana simbi pashelefu, kenako wandiyang'ana ine. Bola akananena.

Madzulo

A Naphiri abwera! Ndawaona ali kale pabwalo. Chinthu chija chinali pampando, ndangokhalira pomwepo.

Nkhope yawo ikuwala. Chimera chamera bwino, akuti sichinamerepo chotero, mawa achiyanika. Abale a ku Dowa ayankha kuti abwera ndi nkhuku. Mmisiri womanga wapezeka, akufunsa ngati tikufuna mtanda pamwamba. Amayi a kumphakati alonjeza kudzathandiza kuphika thobwa.

"Nanga ndalama za abambo zili bwanji, achimwene?"

Ndati zaongoka.

Si bodza.

Acheza nthawi yaitali. Ine osadzuka, ngakhale powaperekeza. Ndati mwendo wachita dzanzi. Akuti ndikaonetse kuchipatala ku Madisi mawa, poti ndikupita komweko.

Mwina a Jere ali ndi mankhwala olekanitsira. Anthu a ku Lilongwe amakhala ndi mankhwala a chilichonse. Mwinanso akunja aja amakonda zogwirana, sizivuta kusunga, mphepo singaulutse. Ndikaganiza bwino, pali ubwino wake.

Zondidetsa nkhawa lero: pepala silikwana.

LOWERUKA

Ndavala jekete ya ukwati. Chinthu chija ndachikulunga mu nsalu yoyera, zong'ambika ndi zimene tinalekanitsa zija m'chitini cha abambo. Ndakwera matola, ndakhala pamwamba pa thumba la mtedza, fumbi lonse la msewu lili pa ine.

Madisi kwadzaza. Mbali ina kuli msonkhano wa chipani china, mbali ina wa chipani chinanso, onse akuimba, palibe akumenya mnzake. Zimenezi sindinazizolowerebe.

A Jere ndawapeza pakhonde la tiyirumu, chikwama chili pamiyendo. Andikumbukira! Andipatsa moni ndi manja awiri. Ndawauza kuti ndapeza zambiri, za makomo atatu. Maso awo awala. Apukuta manja pa kansalu, atulutsa kagalasi kokulitsira zinthu ndi tipulasitiki tambiri topanda kanthu.

Ndamasula nsalu.

Achinyamula. Achitembenuza. Achiyang'ana m'mbali, mmene mukuonekera mizeremizere ya mapepala. Achinunkhiza.

"Bambo, mwazichita chiyani?"

Ndafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira chifunga. Pa mbuzi atseka maso. Pa singano agwira pachipumi. Pa jeke andifunsa kuti jeke n'chiyani, ndipo nditafotokoza avula magalasi awo n'kuwaika patebulo.

"Ndinati ndimafuna zoongoka. Sindinati muziongole."

Akuti ndalama yotere siikhudzidwa. Siitsukidwa, siisitidwa, siibooledwa. Mmene waipezera ndi momwemo. Zikanabwera zokulungidwa m'chitini ndi makwinya ake omwewo, za mkango zija akanatenga zonse, ndipo ndikanabwerera ndi kumwetulira. Ndafunsa ngati kumwetulirako kukanakwana simenti ya chiliza. Ayang'ana kumsewu. Akuti tisakambe zimenezo, sizithandiza munthu.

Mankhwala olekanitsira kulibe. Ndafunsa kawiri.

Za m'chitini aziyang'ana ndi kagalasi kaja mwaulemu, imodziimodzi, n'kuzibwezera. Pa ija ya mkango wokhala pa kanyumba aseka mpaka kutsokomola, kenako apepesa.

Chimodzi chokha chanditonthoza. Akuti za Japani zija zinasindikizidwa zochuluka zedi, zili paliponse, mtengo wake ndi wochepa. Ndiye kuti a Kopolo zaka zonsezi amasuta zoyenera kusuta. Zabwino ndi zimene zimawakanda pakhosi, zimene anandipatsa ine.

A Jere ndi munthu wabwino. Andigulira tiyi wamkaka ndi sikono yaikulu yopaka majarini. Tacheza za nkhondo, ndawauza za misundu. Akuti pa ntchito yawo yonse aona ndalama zodyedwa ndi chiswe, zopsa, zochapidwa m'thumba la buluku, koma zodindidwa ngati fodya ndi koyamba. Akuti akauza anzawo. Sindikudziwa ngati ndi ulemu.

Tiyi anali wokoma kwambiri. Shuga wokwanira.

Ndisanakwere matola ndadutsa pasitolo ya zomangira. Matumba a simenti asanjidwa mpaka kudenga. Ndasisita limodzi. Mwini sitolo wafunsa ngati ndikugula. Ndati ndikungoona kaye.

Njira yonse yobwerera ndimakonza mawu ouza a Naphiri. Ndapeza oyambira okha: "Alongo, khalani pansi."

LAMULUNGU

Misa sindinaimve. A Naphiri ali kutsogolo mbali ya amayi, akuimba mokweza kuposa onse, nthawi ndi nthawi akutembenuka kundimwetulira.

Titatuluka ndawatsatira kwawo. Chimera chili pamphasa pabwalo, chikuuma bwino. Alamu atandiona ndi nsalu yoyera ija akumbukira mwadzidzidzi kuti ng'ombe sizinamwe madzi.

Ndati alongo, khalani pansi. Akhala. Mawu ena aja sanabwere, ndiye ndangomasula nsalu n'kuwapatsa.

Achiyang'ana nthawi yaitali. Ndafotokoza. Sanandidule mawu, chimene sichinachitikepo chibadwire. Nditafika pa jeke afunsa kuti jeke wa ndani. Ndayang'ana kumene kwalowera alamu.

Ndimayembekezera kukalipa. M'malo mwake mapewa awo ayamba kugwedezeka. Aseka mpaka kutsika pampando kukhala pansi, misozi ili mbwee, chitenje kukamwa. Kenako misozi ija yapitirira pang'ono kuseka kutatha. Takhala choncho, nkhuku zikuzungulira chimera, palibe woziingitsa.

Atapukuta maso agamula, monga amachitira:
chimera sichibwerera m'nkhokwe, thobwa liphikidwa
abale a ku Dowa abwere ndithu ndi nkhuku zawo
mmisiri auzidwe kuti adikire fodya wa chaka chamawa
Loweruka tikalambula kumanda, tikazula udzu, tikazungulize mulu wa abambo ndi miyala ya m'phiri ndi njerwa zimene tingapeze
wokauza abale chifukwa chake palibe simenti ndine, pamaso pa onse, ndipo ndisasiye za mbuzi

Ndavomera zonse. Ndikanatani?

Ndati nditenge chinthu chija ndizipita. Akana. Achinyamula m'dzanja ngati akuyesa kulemera kwake, achigogoda pa mwendo wa mpando.

"Ichi chitsala kuno. Tikachiika kumutu kwa abambo. Njerwa yoyamba ya chiliza ndi imeneyi, ndipo agula okha."

Ndabwerera kunyumba wopanda kanthu m'manja, wopepuka modabwitsa. Nachisale wandisungira mbatata. Dzuwa likuwala bwino pakhonde, ndavula nsapato.

Simenti kulibe. Loweruka mudzi wonse udziwa, ndipo dzina latsopano ndilandira ndithu, anthu a kuno sataya mwayi wotere. Komabe abambo agona pamalo osesa, ozungulidwa ndi miyala, malipiro awo ali kumutu.

Chondidetsa nkhawa lero ndi chimodzi chokha. Kumanda kuja kuli chiswe chambiri, ndipo chiswe chimakonda phala.